Kanyali ka Injini Komwe Sikanayake

1. Chithunzi cha pafoni

Kamphepo analowa m'nyumba ngati wina akumuthamangitsa. Chitseko chinakamenya khoma, maluwa apulasitiki omwe mayi ake ankalumikiza patebulo n'kumwazikira pansi.

"Ndayipeza! Amayi, ndayipeza! Ababa ali kuti?"

"Wapeza chiyani, mtsikana iwe?" mayi ake anafunsa akutola maluwa aja. "Amene anakupatsa dzina limeneli sanalakwitse. Iwe ukangolowa, zinthu zimauluka."

"Galimoto, amayi! Galimoto yeniyeni!"

Nkhani ya galimoto inali itakhalitsa pakamwa pa banjali. Mayi a Kamphepo ankakongoletsa maholo a ukwati. Ntchito yawo inali yotamandika, koma makasitomala ambiri ankafunsanso galimoto yonyamula akwati. Akamva kuti palibe, ankapita kwa ena omwe anali ndi zonse.

Bambo ake anayendetsa mathiraki zaka zambiri, mpaka matenda a shuga anawalanda maso. Tsopano ankangosiyanitsa kuwala ndi mdima. Kampani inawapatsa kangachepe kopumira pantchito, ndipo banja linagwirizana kuti kangachepeko kagule galimoto yapamwamba, ngakhale yoti ena anayendapo kale. Woyendetsa adzakhala Kamphepo. Sekondale anali atamaliza, malo ku koleji sanawapeze, koma laisensi anali nayo. Ankayenda nayo m'thumba ngakhale popita kogula machesi.

Bambo akewo anawapeza pakhonde, akukonza loko wakale ndi zala zokha.

"Ababa, tamverani. Ndi yakuda bii, yayitali, matayala ake ngati a thirakitala. Mipando yachikopa. Denga lake limatseguka, mkwatibwi akhoza kuimirira n'kumabayibitsa anthu! Ndi ya dizilo, monga munanenera. Wogulitsayo akuti sinayende kwambiri."

"Ukuiona pati?"

"Pafoni."

"Tandipatsa foniyo ndinunkhize."

Kamphepo anaphulika kuseka. "Ababa inunso! Chithunzi chimanunkha?"

"Ndiye kuti sitinayione," bambo ake anatero, loko uja n'kulira khethe m'manja mwawo. "Muimbire. Umuuze kuti tibwera mawa m'mamawa, ndipo asayilize tisanafike."

2. Malangizo a pakhonde

Kutacha, Kamphepo anali woyamba kusamba. Anavala shati yoyera yositasita, ngati kuti ukwati woyamba unali tsiku lomwelo. Bambo ake anamupatsa kachikwama. Munali kansalu koyera, tochi ndi maginito ochotsa mu sipika wakale.

"Khala pansi kaye," anatero. "Basi sithawa. Ndikuuze izi tikadali pakhomo, chifukwa kumeneko makutu ako akadzaza ndi mawu a wogulitsa.

"Galimoto yapamwamba ikakalamba imakhala ngati nyumba yayikulu. Kugula n'kotheka, koma ikayamba kudontha imadontha zipinda zonse. Kachitsulo kamodzi ka galimoto yotereyi kamatha kumeza phindu la maukwati ambirimbiri. N'chifukwa chake eni ake oyamba amayitaya akangomva kuti yayamba kutsokomola.

"Wogulitsa akakuonetsa mipando, iwe uziyang'ana pansi. Akakutsegulira wailesi, iwe uzimitse. Injini ya dizilo imanena zoona ikadali yozizira. Ikatentha imaphunzira bodza. Oyilo timupukutira pa kansaluka. Utsi uwuyang'ane mtundu wake. Wakuda kwambiri ndiye kuti dizilo sakupsa bwino. Wabuluu ndiye kuti oyilo akupsa. Woyera wosaleka ndiye kuti madzi alowa malo osayenera. Maginitowa uwayendetse pathupi lonse. Akamamata pena ponse n'kukana malo amodzi, pamenepo panaphwanyikapo, wina n'kumatapo phala n'kupaka penti.

"Koma chachikulu ndi ichi. Usanalize injini, tinyali tonse ta kuseri kwa chiwongolero timayaka pamodzi, kenako n'kuzima. Kumeneko ndiko kupereka moni kwa galimoto. Pali kamodzi kachikasu, kooneka ngati kainjini. Kameneko ndi kakazitape, sikasunga chinsinsi. Kakayaka n'kuzima, zili bwino. Kakakhala chiyakire, injini ikudwala. Koma kakapanda kuyaka n'komwe, udziwe kuti pali amene wakatseka pakamwa.

"Makutu ndili nawo, mphuno ndili nayo, zala ndili nazo. Chomwe ndilibe ndi maso. Lero maso anga ndiwe. Maso sasankhira mwini wake zoti aone, mwana wanga. Amangonena zomwe zilipo."

"Ndamva, ababa," Kamphepo anayankha, koma miyendo yake inali itanyamuka kale.

Mayi ake anawaperekeza mpaka pageti. Anamukonza kolala ya shati n'kumunong'oneza kuti, "Kangachepe kameneka n'komaliza. Bambo ako sadzakweranso thiraki. Upite ndi mutu, mtima uwusiye pakhomo pano."

3. Pabwalo la Wasuti

Bwalo logulitsira magalimoto linali kuseri kwa masitolo a zitsulo, lotchingidwa ndi mpanda wa malata. Mwini wake ankavala suti ngakhale dzuwa liswe mtengo, choncho anthu onse ankangomutchula kuti Wasuti.

"Takulandirani, madala! Asisi, ndinu munaimba aja? Nayi mfumukazi yanu!"

Wasuti anakoka chinsalu chomwe chinaphimba galimotoyo. Kamphepo anagwira pakamwa. Chithunzi chija chinali chitayinyoza. Inali kunyezimira moti anadziona nkhope pachitseko, shati yoyera ili mbuu.

"Ababa! Mukanayiona!"

"Ndiyiona pompano. Ndifikitse pa boneti."

Bambo ake anaika chikhatho pa boneti. Kenako anauza Kamphepo kuti atsegule, ndipo anapisa dzanja mpaka kukhudza injini yeniyeniyo.

"Yozizira," anatero. "Mwasunga pangano, achimwene."

"Ine bodza ndi ine sitidyera mbale imodzi, madala," Wasuti anayankha akukonza tayi.

Kamphepo anasolola kachitsulo koyezera oyilo n'kukapukutira pa kansalu. "Ndi wakuda, ababa."

"Wa dizilo amada msanga, usaope. Tandipaka pachala." Anamufikisa pakati pa zala ziwiri n'kununkhiza. "Alibe mchenga, sakununkha kupserera. Tsegula chivundikiro chothirira oyilo. Kunsi kwake kuli zoyera ngati mkaka wosasa?"

"Kulibe!"

"Gwada uyang'ane pansi pa injini. Padontha kanthu?"

"Pouma gwa!"

Yankho lililonse labwino linkamukweza Kamphepo mawu. Anazungulira galimoto yonse ndi maginito aja. Ankamata pena paliponse, kupatula malo ang'onoang'ono pa chitseko chakumbuyo.

"Aa, apo njinga inangokhula pang'ono," Wasuti anafulumira kunena.

Bambo aja anasisita malowo ndi chala. "Chipsera chaching'ono. Munthu wamkulu salephera kukhala nacho."

Anapapasa matayala onse, limodzilimodzi, kuti amve ngati akutha mofanana. Atafika pa chitseko cha dalaivala anagwada n'kugwira labala ya buleki.

"Makilomita akuti bwanji, mwana wanga?"

Kamphepo anawawerengera. Anali ochepa ndithu.

"Makilomita akuti ndi mwana, koma buleki iyi yapondedwa ndi nsapato zambiri. Yasalala ngati mwala wotsukira mapazi."

Wasuti anaseka kwambiri. "Mwini wake anali ndi phazi lolemera, madala!"

"Mwina," bambo aja anatero akudzuka. "Lowa, Kamphepo. Timve moni wake."

4. Moni wa galimoto

Kamphepo anakwera. Chitseko chitatsekeka, phokoso lonse la mumsewu linatsala kunja. Mpando unamulandira ngati unkamudikira. Atakhudza kabatani ka m'mbali, mpandowo unasendera wokha kutsogolo.

"Ababa, mpando ukuyenda wokha!"

"Usiye uyende, bola usatuluke pageti. Tsitsa galasi. Dina batani koma usaponde buleki, kuti injini isalire."

Kamphepo anadina. Tinyali tinayaka kuseri kwa chiwongolero, tofiira, tobiriwira ndi tachikasu. Anaona ka batire, ka oyilo, ka lamba, ka mabuleki. Anafunafuna kainjini kaja. Panalibe.

Anazimitsa n'kudinanso. Anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja. Pakona pena panali malo akuda, opanda kanthu. Tinyali tina tonse tinayaka n'kuzima. Kainjini sikanaoneke.

Foni yake inanjenjemera m'thumba. Anali anzake a kusukulu, omwe anali atawatumizira kale chithunzi chija n'kulembapo kuti, "Ofesi yanga yatsopano."

"Tapereka moni tonse?" bambo ake anafunsa ali pawindo, nkhope atalozetsa kumwamba monga ankachitira akamamvetsera.

Wasuti anali kumbuyo kwawo. Anangomuyang'ana Kamphepo, n'kumwetulira.

Kamphepo anayang'ananso pakona yakuda ija. Manja ake anali pa chiwongolero chachikopa, chofewa ngati tsaya la khanda.

"Tonse tayaka, ababa."

"Kachikasu kaja?"

"Kayaka... n'kuzima."

"Basi, iliza."

Injini inadzuka kamodzi n'kamodzi, n'kuyamba kuguguda pansipansi ngati mphaka wokhuta. Bambo aja anapita kumbuyo akugwira thupi la galimoto, n'kuwerama pafupi ndi ekizozi. Kamphepo anatsika kukaona utsi. Unatuluka pang'ono, kenako n'kutha.

"Palibe wabuluu, palibe woyera," anatero. Apa ankanena zoona, ndipo anazinena mokweza kwambiri.

Bambo ake anamwetulira koyamba chifikireni. "Tiyeni tikayimve pamsewu."

5. Pamsewu

Wasuti anakhala kumbuyo, bambo aja kutsogolo. Atatuluka pageti, Kamphepo anangokhudza mafuta pang'ono, galimoto n'kutsetsereka ngati ikuyenda pa mafuta odzola. Anali pamwamba pa aliyense. Madenga a magalimoto ena ankawaonera pansi.

Wasuti anatambasula dzanja kuti atsegule wailesi. "Mumve masipika ake, asisi!"

"Zimitsani, achimwene," bambo aja anatero. "Woimba tili naye kale kutsogoloku."

Kenako anayamba kulamula ngati mphunzitsi wa kusukulu yoyendetsa galimoto.

"Msewu uli woongoka? Fewetsa manja pa chiwongolero. Ikukokera mbali?"

"Ayi, ikungolunjika!"

"Kumbuyo kulibe munthu? Ponda buleki mwamphamvu."

Galimoto inaima nji, osagwedera. Wasuti anagunda mphuno pa mpando wakutsogolo, ndipo onse atatu anaseka.

Anakalowa pabwalo lina lopanda anthu. Kamphepo anapinda chiwongolero mpaka kumapeto n'kuzungulira pang'onopang'ono, bambo ake khutu lili pawindo kumvetsera ngati mawilo akugogoda. Kunali zii. Anadutsa msewu wa mabampu, koma m'katimo munali ngati pa matiresi. Anakwera chitunda, magiya akusintha okha mosamveka.

Pa maloboti, kondakitala wa basi ina anatulutsa mutu pawindo n'kuimba likhweru. "Abwana achitsikana! Simukufuna wotsegula chitseko?"

"Malo atha!" Kamphepo anakuwa. "Kalembereni kwina!"

Bambo ake anaseka mpaka kutsokomola. "Denga lija limatsegukadi? Tatsegula."

Denga linasendera kumbuyo, dzuwa n'kugwera pankhope pawo. Anatseka maso awo osaonawo, n'kutsamira bwinobwino.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikunyamula katundu wa eni ake," anatero. "Simenti, feteleza, matabwa. Lero katundu ndine, wondiyendetsa ndi mwana wanga. Amayi ako akakhala kumbuyoko adzakana kutsika."

Anapapasa n'kupeza phewa la Kamphepo. "Wagwira ntchito, maso anga."

Kamphepo anangoyang'ana msewu. Manja ake anayamba kuterera pa chiwongolero. Anawapukutira pa siketi, limodzi kenako linzake. Ulendo wonse wobwerera sanayang'anenso pakona yakuda ija.

6. Dzanja la m'malere

Atabwerera pabwalo, Kamphepo anatsika injini ikulirabe. Wasuti anatulutsa mpando n'kuwakhazika bambo aja pamthunzi.

"Ndiye mwayimva nokha, madala. Ndinenenso chiyani?"

"Munene mbiri yake. Galimoto ili ngati mkamwini, timafunsa kwawo. Mwini wake anali ndani?"

"Mkulu wina wokalamba, wopanda mkazi, wopanda mwana. Ulendo wake unali wa ku ofesi ndi kutchalitchi basi. Anasamukira kunja n'kundisiyira ine."

"Nanga mapepala ake? Buku la ku galaja komwe ankayikonzetsa?"

"Zonse zili kwa loya wake. Zikubwera."

"Zikubwera wapansi?"

Wasuti anaseka n'kuyang'ana wotchi. "Madala, ndisakubisireni. Pali bwana wina akubwera masana ano, ndipo iyeyo safunsa mafunso. Ine ndakukondani inu chifukwa cha mwana wanuyu. Koma mukudziwa, zengerezu analinda kwawukwawu. Tigwirane chanza, mupereke chikole lero, mapepala akupezani."

Bambo aja anasisita chibwano.

"Ndimafuna makaniko ayilumikize ku makina ake oyezera," anatero pang'onopang'ono. "Koma makaniko wanga sapezeka lero. Buleki ija ikundikayikitsa, mapepalanso akundikayikitsa. Komabe injini yalankhula bwino, ndipo kakazitape kaja kayaka n'kuzima. Kakanakhala ndi mlandu kakananena. Pa mawu a kameneko, ndikhoza kulimba mtima."

Anaimirira n'kutambasula dzanja lawo m'malere, kumbali komwe kunkachokera mawu a Wasuti. Dzanjalo linaphonya pang'ono, linaloza pa mpanda. Wasuti anasendera msangamsanga kuti aligwire.

Kamphepo anafika poyamba. Analigwira dzanjalo ndi manja ake onse awiri n'kulitsitsa.

"Ababa, ndanama."

Injini yokha ndiyo inkamveka.

"Kanyali kaja sikanayake. Ndinadina kawiri. Sikanayake n'komwe."

"Aa, asisi atopa ndi dzuwa," Wasuti anatero akuseka mouma. "Tinyali timeneti ndi tambiri, munthu umasokonezeka."

Bambo aja sanatembenukire kwa Wasuti. "Tochi ija uli nayo?"

"Ndili nayo."

"Kaunike pomwe pakuyenera kukhala kanyaliko. Uunike chammbali, usaunike molunjika."

Kamphepo anakwera n'kuunika. Kuseri kwa galasi, pakona paja, panali kachidutswa ka tepi yakuda, kodulidwa bwinobwino ndi lumo. Anazimitsa tochi n'kutchinga kuwala ndi chikhatho. M'mphepete mwa tepiyo munkatuluka kuwala kwachikasu, kochepa ngati ulusi.

"Ababa! Amatapo tepi! Kanyali kakuyaka kunsi kwake. Kakhala kakuyaka ulendo wonse!"

"Inabwera choncho!" Wasuti anakuwa. "Ine sindine makaniko! Ndikanadziwa bwanji?"

"Palibe wakuimbani mlandu, achimwene," bambo aja anatero mofatsa. "Kamphepo, zimitsa injini. Tsopano yambiranso. Uyang'ane monse momwe sunaonetsedwe."

Ulendo uno Kamphepo sanathamange. Anatukula makapeti kufunafuna dzimbiri ndi matope ouma. Anatsegula kumbuyo n'kuchotsa chivundikiro cha tayala lapadera. Anapinda mipando yakumbuyo, n'kupisa dzanja pansi pake. Zala zake zinakhudza chinthu chozungulira, chopanikizika pakati pa zitsulo. Anachikoka.

Linali botolo la madzi la mwana wa sukulu, lapinki, lojambulidwa agulugufe. Pambali pake panalembedwa ndi penti wa m'zikhadabo kuti, "Ukalitola, imbira amayi anga." Pansi pa mawuwo panali nambala ya foni.

Kamphepo anawerenga mokweza.

"Mkulu wopanda mwana uja," bambo ake anatero, "ankamwera m'botolo la agulugufe?"

"Zinyalala zimenezo, bweretsani nditaye!" Wasuti anatambasula dzanja, koma botolo linali litalowa kale m'kachikwama.

"Mwini wake wapempha yekha kuti wotola aimbe," bambo aja anatero. "Ife tatola. Zikomo potiyendetsa, achimwene. Tiye, mwana wanga."

7. Pa siteji

Anayenda mpaka pa siteji ya basi, kutsidya kwa msewu. Atakhala pa benchi, misozi ya Kamphepo inayamba kugwera pa shati yoyera ija.

"Ndikhululukireni, ababa. Ndinayifuna kwambiri."

"Ndikudziwa. Inenso ndinayifuna. Sunandione ndikuwotha dzuwa ngati bwana?" Anapapasa m'kachikwama n'kumupatsa kansalu kaja, kenako n'kukalandanso msanga. "Ayi, aka kali ndi oyilo, ungafike kwa amayi ako ngati makaniko."

Kamphepo anaseka misozi ili m'maso.

"Tamvera," bambo ake anapitiriza. "Usaganize kuti ndimakuyesa. Sindinadziwe kanthu. Makutu anga anagona, mphuno yanga inagona. Matenda ena a injini samveka tsiku loyamba. Amadikira tsiku lomwe wanyamula mkwatibwi, anthu akudikira kutchalitchi, ndiye n'kukugoneka pakati pa msewu. Ukanakhala chete, ndikanagwira dzanja lija, ndipo thukuta langa lonse likanapita ndi katepi kosakwana chikhadabo.

"Wasuti kundinamiza, n'zake, ndi mlendo. Ndikhoza kumuzemba. Koma iwe ukandinamiza ndilibe kothawira, chifukwa njira yomwe ndimaponda ndi yomwe iwe wandiuza. Ukati pali mlatho, ine ndiponda. Chimene wachita poyamba chija n'choopsa, usadzachiyese chaching'ono. Chimene wachita pambuyo pake n'chovuta, ndipo akuluakulu ambiri chimawakanika. Amaona kuti alakwitsa msewu, koma manyazi amawaletsa kubwerera, mpaka mafuta kuwathera m'tchire. Iwe wabwerera anthu akuona.

"Magalimoto ndi ambiri, mwana wanga. Ina tidzayipeza, mwina yosanyezimira chonchi. Anzako akuseka sabata ino, sabata yamawa aseka wina. Tsopano pukuta nkhope. Tili ndi botolo la mwini wake."

Kamphepo anatulutsa foni. Mauthenga a anzake anali ataunjikana, koma sanawatsegule. Anaimba nambala ija n'kukweza mawu a foni kuti bambo ake amve.

Anayankha mayi wina, kumbuyo kwake kukumveka makina osokera.

"Pepani amayi, simukundidziwa," Kamphepo anayamba. "Ndatola botolo la madzi la mwana, lapinki, la agulugufe. Palembedwa nambala yanu."

"Ii, la mwana wanga wamkazi limenelo! Linasowa kalekale. Mwalitola kuti?"

"M'galimoto, pansi pa mpando. Yakuda, yayikulu, ya dizilo. Timafuna kuyigula."

Makina osokera aja anasiya kulira.

"Mwati kuyigula?" Mawu a mayiwo anatsika. "Mwana wanga, tandiwerengera nambala ya galimotoyo."

Kamphepo anayang'ana pa chithunzi chija n'kuwerenga.

"Nambalayo si yanga. Koma botolo ndi langa, ndipo silinakwerepo galimoto ina. Tamvera bwino. Galimoto yanga inayatsa kanyali ka injini, ine n'kuyisiya ku galaja kuti ayikonze. Patapita masiku anandiimbira kuti galaja yapsa, galimoto yanga yapsera momwemo. Anandionetsa chigoba chakuda, ine n'kulira n'kuiwala. Ndiye iwe ukuti wayikwera lero?"

"Ndayiyendetsa ndithu, amayi."

"Usadule foni! Uli ndi munthu wamkulu pamenepo? Mundiuze pomwe muli, ndikubwera ndi apolisi. Musabwererenso m'katimo!"

Bambo aja anasendeza mutu pafupi ndi foni kuti afotokoze malowo. Asanamalize, kutsidya kwa msewu kunamveka kukwekwereza kwa malata. Kamphepo anadzutsa mutu. Geti la bwalo lija linali kutseguka, ndipo mphuno yakuda yonyezimira inali kutuluka pang'onopang'ono.

Anagwira mkono wa bambo ake. "Ababa, ikutuluka! Wasuti ali pa chiwongolero. Wavula jekete, ali pafoni."

"Ali yekha?"

"Ayi. Kumbuyo kuli amuna awiri, sindinawaonepo."

"Yakhotera kuti?"

Kamphepo anaimirira, botolo lija atalikumbatira pachifuwa.

"Kuno, ababa. Ikubwera kuno."